Nsalu ya Pasofa Ija Yabooka, Amayi

Aliyense wolera ana amaopa kuti nsalu ya pasofa sichedwa kung'ambika. Ine mantha anga ndi ena, Amayi. Lero ndapeza yathu ija itabooka pamkono, ndipo ndakumbuka tsiku lomwe tinakaigula kumsika wa ku Mbare. Munaikweza padzuwa n'kundifotokozera kuti nsalu yodutsa kuwala ndi yolukidwa motayana, adzukulu angaimalize msanga. Kenako munaikanda ndi kiyi wa pakhomo. Nditaloza yoyera munati, "Iwe, pamaliro mipando imatulutsidwa panja. Ukufuna anthu onse akuno ku Rugare adzandiseke ndili m'bokosi?" Ndinaseka, osadziwa kuti munali mutayamba kale kudwala. Pamaliro anu sofayo inagonadi panja, pafumbi ndi pamame, koma sinasuluke.

Tsopano Ababa akutsokomola, chakudya akungochilawa, kuchipatala akukana. Ataona pobookapo angoti, "Ukasankhe yolimba ngati ija, mwana wanga." Amayi, mawuwa andikumbutsa nthabwala yanu ija.

Abale amene mukuwerenga, kholo lanu likachita nthabwala yotere, chonde musangoseka. Yesani kukhala nalo pansi, mulifunse mofatsa kuti, "Mukumva bwanji m'thupimu?" Inenso Ababa ndiwafunsa lero lomwe.