Lole Imene Tinkawongolera Awiri

Ndikukumbukira bwino fungo la m'lole ya bambo anga: dizilo, utomoni wa paini ndi thukuta louma pampando wong'ambika. Loleyo sinali yawo. Mwini wake anali bwana wa macheka ena a matabwa kunja kwa tawuni ya Mzimba, ndipo bambo ankatuta zipika kuchokera kunkhalango ya Viphya. Ife tinali obwera, kwathu ku Ntcheu. Ine Chitumbuka ndinachitola kusukulu ndi kumjigo, koma bambo ankangodziwa "yewo" basi. Ankamunena pothokoza, popereka moni, ngakhale pokana chinthu.

Chiwongolero cha loleyo chinali chachikulu ngati lichero. Lole ikamathamanga pamsewu wa phula chinkapepuka n'kumanjenjemera m'manja. Koma ikamayenda pang'onopang'ono itasenza zipika, kuti matayala akhote pankafunika munthu adzuke pampando n'kukoka ndi msana wonse. Mapewa a bambo anatambalala chifukwa cha ntchito imeneyo, moti malaya ogula pamsika sankawakwana.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5, m'mawa wina wa nyengo yozizira, kapu ya tiyi inawapulumuka m'dzanja lamanzere. Anaseka, n'kunena kuti ndi chisanu. Koma dzanjalo silinabwererenso mwakale. Zala zinkagwira, kungoti mphamvu munalibe. Amayi anawachonderera kuti apite kuchipatala, iwo anakana. Ankaopa kuti bwana akamva awachotsa ntchito, ndipo nyumba imene tinkakhalamo inali ya pamacheka pomwepo.

Sukulu itatsekera, anayamba kunditenga. Kwa anthu ankanena kuti mwana akufuna kuona nkhalango. Pamsewu waukulu ankayendetsa okha bwinobwino. Tikafika m'tinjira topapatiza ta m'nkhalango, kapena potembenuka kuseri kwa milu ya matabwa, ankati, "Felesiya, gwira apa." Ine ndinkagwada pampando, kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kudzikoka ndi thupi lonse. Chitsulocho chinkazizira m'mawa, ndipo chinkayamba chakana kaye, kenako n'kumvera pang'onopang'ono, matayala akuphwanya tinthambi pansi. Zikhatho zanga zinachita matuza amene ndinkawabisa kwa amayi. Masana tinkakhala pachipika nkhungu itangochoka, bambo n'kundisendera mbatata yootcha ndi dzanja limodzi ndi mano. Pa ubwana wanga wonse sindikumbukira masabata okoma kuposa amenewo.

Anandiuza kamodzi kokha kuti, "Izi ndi za ife awiri." Chifukwa chake sanandiuze. Ine ndinkayesa ndi chinsinsi chonga cha masewera.

Kapitawo wa pamachekapo anali a Shaba, munthu wansangala wokonda kuseleula ana. Tsiku lina bambo ali kuofesi, anandipeza nditakhala pamulu wa utuchi, anyamata ocheka matabwa akupuma pafupi.

"Iwe msungwana, tsiku lililonse uli m'lole. Mbwenu ntchito yako n'kumaliza mbatata za adada ako basi?"

Anthu anaseka. Ndinaimirira n'kuwaonetsa zikhatho zanga. "Ine ndimawongolera. Dzanja la ababa silikoka, ndiye pokhota ndimakoka ndine."

Kuseka kunatha. A Shaba anayang'ana matuza aja nthawi yaitali, kenako anati, "Pita ukasewere, mwana wane." Ndinachoka ndikudzimva kuti ndawagonjetsa.

Patapita masiku awiri, a Shaba anapempha bambo kuti alowetse lole chambuyo m'shedi, ali okha, bwana ataima poteropo. Ine ndinkaonera ndili pautuchi. Ndinawaona bambo akudzuka pampando, mitsempha ya m'khosi itatupa, akukoka ndi dzanja lamanja, lamanzere likungotsetsereka pachiwongolero. Anayesa katatu. Kachitatuko lole inakagunda mzati wa shedi, pang'ono chabe, malata n'kulira. Anazimitsa injini. Anakhalamo kanthawi, kenako anatsika n'kupereka makiyi.

A Shaba sindiwaimba mlandu. Ankaopa kuti tsiku lina lole idzagubuduka m'zitunda za kunkhalango, ndi ine ndili momwemo. Koma mwezi usanathe tinali titasamukira ku Jenda, m'chipinda chimodzi kuseri kwa magolosale. Amayi anayamba kugulitsa tomato pamsewu. Bambo ankamata machubu a njinga pansi pa mtengo, akupanira tayala ndi mawondo. Lole ya matabwa ikamadutsa sankadzutsa mutu. Mapewa aja anaphwa, malaya n'kuyamba kuwakulira. Anamwalira ndili Fomu 3, ndipo mpaka tsiku limenelo sindinawauze zimene ndinanena pautuchi paja. Kangapo ndinkafika pamtengo wawo mawu ali kukamwa, n'kuthera kuwafunsa ngati akufuna madzi akumwa.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndili ndi galimoto yanga. Chiwongolero chake chimasintha malinga ndi liwiro. Ndikamatembenuka pamsika wopanikizana chimapepuka moti zala ziwiri zimakwana, ndipo ndikangochipotoza pang'ono matayala amakhota kwambiri. Ndikalowa mumsewu waukulu n'kuwonjezera moto, chimalemera chokha, chimakhazikika, galimoto osagwedezeka ngakhale dzanja litanjenjemera. Pamene pankafunika mphamvu zonse za bambo, pano sipafunika mphamvu n'komwe. Anzanga amati n'zokoma. Ine masiku oyamba ndinkachita mantha, ngati pali munthu wina wosaoneka akundikokera.

Chaka chatha ndinakatenga amayi ku Jenda kupita nawo kuchipatala ku Mzimba kuti akawaone maso. Potuluka pakhomo pawo ndi pothina, pakati pa mpanda ndi khola la nkhuku. Ndinatembenuza galimoto ndi dzanja limodzi, lina ndikuwakonzera lamba. Amayi ankangoyang'ana dzanja langalo.

"Bambo ako akanapeza yotere, bwenzi atagwirabe ntchito zaka zambiri," anatero.

Ndinayendetsa mpaka nyumba za Jenda zitatha. Kenako ndinaimika m'mbali mwa msewu, pafupi ndi munda wa fodya, n'kuwauza zonse. Ndinali ndi imvi kale, koma mawu ankatuluka modukaduka ngati a mwana.

Amayi anakonza duku lawo. "Bambo ako ankadziwa. A Shaba anawauza tsiku lomwelo."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati wolakwa ndi iwo eni, posenzetsa mwana katundu wa munthu wamkulu. Anandiletsa kukufunsa. Ankati ukadzakula udzaiwala."

Magalimoto ankatidutsa. Amayi anatulutsa kansalu m'chikwama chawo n'kundipatsa, kenako anandikumbutsa kuti kuchipatala mzere umatalika msanga. Ndinapukuta m'maso, n'kuliza galimoto, tinapitirira.