Sitima ya Mabokosi a Matimati

Bambo anga anafika ku Bindura, tauni ya migodi ya kunja kwa dziko lawo, asanamere ndevu, ndipo zaka zawo zamphamvu zonse anazithera pansi pa nthaka. Ntchito yawo mumgodi inali yochirikiza denga ndi mitengo kuti miyala isagwere anthu, ndipo chimene anatuluka nacho ndi fumbi lodzaza m'mapapo. Pamene ukwati wanga unkatha ku komboni ya Wadzanai, ine n'kubwerera kudzakhala nawo, amayi anali atamwalira kale, azichimwene anga atabalalikira ku Joni, ndipo mdalayo sankatha kuchoka pakhomo kukafika pampopi osapuma kawiri. Tinkakhala awiriwiri m'kanyumba ka zipinda ziwiri m'komboni yakale. M'mawa ndinkapita kumsika kukagulitsa matimati, masana n'kubwerako kudzakangana nawo.

Mkangano wake unali umodzimodzi tsiku lililonse. Ankafuna kukafera kwawo ku Nkhotakota. Pasipoti analibe, chitupa chawo chinkati ndi mlendo, achibale akumudzi anasiya kulemba makalata ine ndisanabadwe, ndipo adokotala anali atanena kuti ulendo wa basi wautali chotere chifuwa chawo sichingaupirire. Tsiku lina nditatopa ndinawalalatira.

"Kwanu kuti, ababa? Akukudziwani ndani kumeneko? Kwanu ndi kuno, manda a amayi si awo ali apo!"

Pakamwa panga ndi potero, palibe chitseko. Anakhala masiku awiri osandiyankhula.

Tsiku lachitatu tinali pamzere kuchipatala kukatenga mankhwala. Ine ndinkangoseweretsa foni, ndipo panabwera kanema wa mzungu wina wa imvi akupanga kasitima kapamadzi kamatabwa ka matanga a nsalu, kotalika ngati mkono. Bambo anasendeza mutu n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Yanga sinali ya nsalu choncho," anatero. "Inali ndi chumuni."

"Yanu iti?"

"Imene inandichotsa kwathu. Ulendo wa basi wandikaniza, mwanangu. Saka, ndiye ndipangire sitima."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Madzi aakulu amene ine ndinawaonapo ndi mtsinje wa Mazowe utadzaza, ndipo sowo ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Koma manyazi a mawu aja anali akadandidya, choncho ndinavomera. Tonse awiri tinkadziwa zimene anamwino ankanong'onezana, zoti chisanu chikubweracho mwina chikhala chomaliza. Unali mwezi wa Epulo.

Matabwa ndinali nawo. Mabokosi a matimati akathyoka kumsika timangosonkhera moto, ndiye ndinayamba kumabwera nawo kunyumba pamutu. Anzanga ankandinena kuti ndayamba ukalipentala wa mabokosi a maliro a mbewa. Ndinapeza kasowo kodulira zitsulo, mpeni wakuthwa, guluu wa matabwa, mapini a telala ndi mapegi oyanikira zovala. Mphunzitsi wanga anali mzungu wa pafoni uja. Chinenero chake sindinkachimva, ndinkangoyang'ana manja.

Poyamba umadula msana wa sitima, thabwa limodzi lowongoka lochokera kumphuno kukafika kumbuyo, n'kulisema timipata. M'timipatamo mumalowa nthiti, ndipo nthiti iliyonse ili ndi kukula kwakekwake, zazikulu pakati, zazing'ono kumapeto. Zikaima bwino, umacheka timatabwa topyapyala, tocheperapo kusiyana ndi chala, n'kumatimata kamodzikamodzi pa nthitizo mpaka thupi lonse litavala. Pafoni zinkaoneka ngati kusenda mbatata. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo: ine ndinalumpha kanema wachitatu poganiza kuti ndamva zonse, n'kuyamba kupinda timatabwa touma. Tonse tinkathyoka pofika kumphuno. Kachisanu ndi chiwiri katathyoka, ndinanyamula chigoba chonsecho n'kuchimenyetsa kukhoma, nthiti zinamwazika mpaka pansi pa bedi.

Bambo anandiyang'ana ali pampando wawo, bulangeti lili m'miyendo.

"Mtengo sumvera ukali," anatero. "Amako ankamvera, mtengo ayi. Unyike m'madzi otentha."

Ndinabwerera kukanema ndinamulumpha uja, ndipo zinali zomwezo. Kathabwa umakanyika m'madzi owira mpaka kafewe, n'kukakulunga pabotolo kuti kazolowere kupindika, kenako n'kukapana pa nthiti ndi mapegi kuti kaumire pomwepo. Kakauma ndiye umapaka guluu, n'kupananso, n'kusiya tsiku lathunthu osakhudza. Tsiku lathunthu! Ine munthu wosatha kudikira ketulo. Sitima yachiwiri ndinaiyamba ndikutukwana chamumtima, koma msana wake unawongoka.

Chimene mzungu uja sanandiphunzitse anandiphunzitsa ndi bambo. M'mawa wina, nditachotsa mapegi, anati ndiwapatse sitimayo pamodzi ndi kasupuni ka tiyi. Anaigoneka pamiyendo, kutchera khutu, n'kuyamba kugogoda kathabwa kalikonse ndi msana wa supuni, kuyambira kumbuyo. Ngwe, ngwe, ngwe. Atafika pakati kulira kunasintha. Bu, bu.

"Basopa!" anatero. "Tulukani."

Mumgodi, akaphulitsa miyala, palibe ankalowa m'malo atsopanowo bambo asanapitemo ndi chitsulo chachitali chimene ankachitcha mgwala. Ankagogoda denga lonse. Mwala wogwirana ndi unzake umalira mowala, koma wolekana mkati umalira ngati ng'oma, ngakhale pamaso ukuoneka wosalala. Akamva ng'omayo ankakuwa kuti tulukani, anthu n'kubwerera m'mbuyo. Akakhutira ankanena liwu limodzi, lowani, ndipo amuna onse ankalowa pokhulupirira khutu lawo. Tsopano khutu lomwelo linagwera matabwa anga a matimati. Kathabwa kaja kanali kokongola kunja, koma guluu sanagwire nthiti. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

"Komatu sipita pamadzi iyi, ababa. Ikhala pakabati."

"Hazvina basa, zilibe kanthu. Matula."

Ndinamatula. M'masabata otsatirawo ndinamatula kambirimbiri, ndipo supuni ija ndinaida ngati mkazi mnzanga. Koma ndinazindikira kuti mdala wayambanso kudya. Ankadzuka ine ndisanadzuke, n'kukhala pampando kudikira kuti ndichotse mapegi. Liwu loti lowani sanalinene ngakhale kamodzi. Ankati amalinena ntchito yonse ikatha.

Thupi litatsala pang'ono kuvala, ndinawafunsa za pamwamba: chumuni chinali pati, mazenera angati, woyendetsa ankakhala pati. Sankadziwa. Iwo anakwera mumdima wa anthu osauka, pansi penipeni, ndipo sanaloledwe kukwera masitepe. Zimene ankakumbukira ndi mabenchi awiri aatali, mbuzi yomangidwa pamzati, fungo la mafuta a injini ndi nsomba zouma, ndiponso thumba la ufa wa chinangwa limene amayi awo anawapatsa, limene analikhalira ulendo wonse kuopa akuba. Ndinasema mabenchi awiriwo ndi mzati, thumba ndinasoka ndi kansanza. Nditabweretsa thabwa loti nditseke pamwamba, anandigwira dzanja.

"Usatseke. Moyo wanga wonse ndakhala ndi denga pamutu."

Choncho sitimayo inakhala yosatseka, ndipo chumuni ndinachiimika pa kamtanda kopingasa pakati.

Kunatsala kukwecha. Timatabwa tikamatidwa timasiya mizere ndi mabampu, ndiye umafunika kukwecha ndi sandipepa mpaka chala chiziyenda osapunthwa. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindinganame kuti sindinkadziwa. Namwino wina anali atandiuza maso ndi maso kuti utsi ndi fumbi zisayandikire sekuru, kutanthauza mdalayo, mpaka ndinasamutsira mbaula panja chifukwa cha mawu amenewo. Masiku awiri oyamba ndinakwechera kuseri kwa nyumba. Unali mwezi wa Juni, mphepo yozizira ikuwomba kuchokera kumilu ya miyala ya mgodi, ndipo bambo sakanatha kutuluka. Ankangogogoda zenera ndi supuni.

"Ukuibisa chifukwa waiwononga?" ankafunsa ndikalowa. "Bwera nayo kuno ndione."

"Muli fumbi, ababa."

"Fumbi undiuze ine? Lopha ndi la mwala, limene silioneka. La mtengoli ndi ufa chabe. Ndameza matani a mwala, ndife ndi bokosi la matimati?"

Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, komanso ndinkafuna andione ndikuchita bwino kanthu kamodzi. Ndinalowa nayo m'nyumba, ndinatseka chitseko kuopa mphepo, n'kukwecha masana onse pafupi ndi mpando wawo. Dzuwa lolowera pazenera linkaonetsa utuchi ukuyandama, ndipo ndinkauona. Unagwera pabulangeti lawo, m'nsidze zawo, mu tiyi wawo. Iwo ankaseka, kundilozera pamene ndasiya bampu, kundiimbira nyimbo ya mumgodi ya m'chinenero cha Chilapalapa imene amayi ankawaletsa kuimba pakhomo. Sindinawaonepo osangalala chotero chimwalirire amayi. Akafuna kutsokomola ankameza, n'kutembenukira kukhoma.

Kutacha ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pamawondo, kukamwa kuli yasa, milomo itada. Mpweya unkalowa ndi kulira kwa mluzu. Woyandikana nafe nyumba anatithamangitsira kuchipatala pa kagalimoto kake konyamulira nkhuni.

Atawaika pa mpweya wa m'botolo n'kupezako bwino, kunabwera dokotala wachinyamata. Anawavula malaya, kuika dzanja lamanzere pamsana pawo, n'kumagogoda chala chake ndi chala cha dzanja linalo, kutsika pang'onopang'ono. Bambo anatseka maso n'kupendeketsa mutu mmene ankachitira ndi sitima yanga. Dokotala atachoka anandikodola, n'kusuntha chophimba kukamwa chopumira mpweyawo.

"Wamva?"

"Sindinamve kanthu, ababa."

"Wamva iwe. Pamenepo ine ndikanatulutsa anthu."

Ndinamutsatira dokotalayo pakhonde n'kumuuza za utuchi. Ndinkafuna anene kuti palibe kanthu, kapena andikalipire. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anati mapapowo anatha kalekale, koma utuchi sunawathandize. Mawu amenewo ndimagona nawo mpaka lero.

Tsiku lachitatu bambo anaitanitsa sitima. Ndinaipukuta ndi nsalu yonyowa katatu konse, kuikulunga m'chitenje, n'kukwera nayo kaminibasi ka kombi nditaifukata ngati khanda. Odwala a m'mabedi oyandikana anadzuka kudzaona, wina mpaka anafunsa ngati ndimagulitsa. Bambo anatulutsa dzanja, ine n'kuikamo supuni. Anagogoda kuyambira kumbuyo, pang'onopang'ono, akupuma pakati. Mbali yakumanja yonse inalira bwino. Yakumanzere inalira bwino mpaka kumphuno, pa kathabwa komaliza kamene ndinakamata mothamanga. Bu, bu.

"Kamodzi kokha, ababa," ndinatero, misozi ili m'maso. "Kamodzi kokha mwa tonseti. Ingonenani."

"Kamodzi n'kamene kamapha. Kakonze, ubwere nayo mawa."

Ndinakwiya. Ndinakulunga sitimayo mwaukali n'kutuluka osatsanzika bwino, ndikung'ung'udza kuti munthu ali pa botolo la mpweya koma akadali kapitawo. Nditafika kunyumba ndinamatula kathabwako, kupala guluu wakale, kudula kena, kukanyika, kukapinda, kukapana kuti kaume. M'mawa mwake ndinapaka guluu n'kupananso ndi mapegi. Ndiye ndinaima pakhomo ndi chikwama m'manja. Nthawi yoona odwala ya masana inali itayandikira, koma guluu amafuna tsiku lathunthu, ndipo ndikanainyamula pa kombi kathabwako kakanasuntha. Kupita chimanjamanja ndinaopa, chifukwa akanandifunsa kuti ili kuti. Ndinati ndipita madzulo, ikhala itagwirako. Ndinakhala pampando wawo n'kumayang'ana mapegi. Ine wosatha kudikira ketulo, tsiku limenelo ndinadikira.

Foni inalira dzuwa litapendeka. Anali namwino uja. Anati sekuru atisiya nthawi yoona odwala itangotha, ndipo ankayang'anayang'ana kukhomo.

Tinawaika pafupi ndi amayi, m'manda a kuseri kwa komboni mmene mwagona matchona anzawo. Azibambo a kumpingo anandifunsa ngati ndikufuna sitimayo ilowe m'bokosi, poti anamva kuti inali ulendo wawo wa kumudzi. Ndinakana. Bambo sankalola munthu kulowa pamalo pamene iwo sanavomereze, ndipo sindikanawakweza m'chinthu chimene anachikana.

Anthu atabalalika ndinachotsa mapegi aja, amene anakhala pamenepo masiku onse a maliro. Ndinatenga supuni, kugoneka sitima pamiyendo, n'kugogoda kuyambira kumbuyo, mbali yakumanja, kenako yakumanzere, mpaka pa kathabwa ka kumphuno. Ngwe, ngwe, ngwe. Ndinabwerezanso kawiri. Panalibe ng'oma paliponse. Ndinakhala pomwepo, supuni ili m'manja, kudikira liwu limodzi lija, ndipo m'nyumbamo munalibe wolinena.