Foni Yomwe Sinalire

Mkazi wanga Esinta ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, BP yake inkangokwera. Adokotala ku Limbe anati akajambulidwe, aone ngati mwana akukula bwino. Ndinamuperekeza.

Anesi atati, "Bambo, lowani nawo," ndinaika foni kukhutu n'kuthamangira panja ndikukuwa, "Eee bwana, ndikumva!" Palibe anaimba. Ndinkangoopa kumva zoipa.

Esinta anamva yekhayekha kuti mwana sakukula mokwanira, ndipo iyeyo agonekedwe m'chipatala tsiku lomwelo. Mwana anadzabadwa bwino, koma mpaka lero ndimadzipsera mtima. Chibambo chonse ine, kuchita sewero pakhonde!

Tsiku lojambulalo, Esinta anatuluka maso ali psuu.

"Anaimba ndani?"

"Abwana."

"Foni yanu inazima tili m'minibasi, amantha inu. Gwirani chikwamachi."