Amuna Anga Ankamvera Miyala

Amuna anga anabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi Katete, atangochoka ku migodi ya ku Halale kumene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Anzawo obwerera kumeneko ankadza ndi mabulangete ndi majekete. Iwo anadza ndi kanyundo, chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, ndi chala chimodzi choduka. Amalume anga anaziyang'ana zinthuzo n'kufunsa ngati munthuyu amadziwa kugwira khasu. Ankadziwa ndithu, kungoti m'munda ankachedwa ndi kutembenuza mwala uliwonse umene khasu lafukula.

Ku mgodi anayamba ndi kukankha ngolo, kenaka anawaika m'gulu lochirikiza denga ndi mitengo kuti lisagwere anthu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kumvera mwala. Ankati ukaugogoda ndi nyundo, wolimba umalira ngati belu la ku mishoni, koma wong'aluka m'kati umalira ngati mtsuko wosweka.

Nkhondo ya Majeremani itatha, mzungu wina anatsegula mgodi waung'ono wa golide m'mapiri a ku Vubwi, pafupi ndi malire a Apwitikizi. Atamva za amuna anga anatuma munthu kudzawatenga kuti akakhale kapitawo. Ndinapita nawo, mwana ali kumsana, ulendo wa masiku anayi.

Mzunguyo ndiye ankatchedwa injiniya, ndipo mapepala a sukulu anali nawo, koma malungo sankamupatsa mpata. Masiku ambiri ankangogona m'tenti. Woyeza kuya kwa dzenje, wosankha mitengo ya mubanga yochirikizira, wonena pokumba ngalande yotulutsira madzi anali amuna anga. Tinakhala kumeneko zaka zitatu. Ine ndinkalima mtedza kuseri kwa misasa ndi kuphikira anthu angapo a kwathu. Palibe amene anafera m'dzenjemo pa zaka zimenezo, ndipo amene tinataya ndi mmodzi yekha, amene analumidwa ndi njoka akudula mitengo kutchire.

Chaka chachitatu mvula inagwa yambiri. Tsiku lina m'mawa amuna anga analowa okha monga mwa masiku onse, ndipo atatuluka anakhala pa khomo la mgodi n'kuuza anthu kuti asalowe. Ndinali pamenepo ndi chidebe cha madzi pamene mzungu anafika, atafunda bulangete.

"Kapitawo, anthu akhaliranji pansi?"

"Denga lasintha kulira, bwana. Madzi alowa m'ming'alu."

"Ligwa liti?"

"Sindidziwa. Mwina mawa, mwina chaka chamawa."

Mzungu analowa yekha ndi nyali, n'kutuluka akunena kuti mitengo yonse ili chilili. Sankanama. Anauza amuna anga kuti alowetse anthu, iwo anakana. Anawauzanso kachiwiri, pamaso pa onse, iwo anangoti, "Alowetseni inuyo, bwana. Ine pakamwa panga sipanena zimenezo." Dzuwa lisanafike pamutu ntchito inali itawathera, ndipo ukapitawo unapatsidwa kwa munthu wina wa ku Tete.

Anthu analowa tsiku lomwelo, ndipo denga silinagwe. Silinagwenso mwezi wotsatira. Kumudzi nkhani inatitsogolera, yakuti mkamwini wa kwathu anathawa mwala umene unalibe naye mlandu. Panjira yobwerera kwathu ndinawafunsa amuna anga kamodzi kokha.

"Abambo, kapena munamva molakwa?"

"Kapena, mayi," anatero, n'kupitiriza kuyenda.

Mgodiwo unatsekedwa patapita chaka chifukwa golide anali wochepa, ndipo mzungu anabwerera kwawo. Pambuyo pake alenje anatiuza kuti khomo lake linakwiririka. Popeza m'kati munalibe munthu ndipo mitengo inali itawola kale, palibe amene anati amuna anga ananena zoona. Iwonso sanaikambe nkhaniyo.

Mkamwini sakhala manja lende, choncho anabwerera ku khasu. Chilimwe china madzi atasowa, anakumba chitsime kudambo kwathu n'kuchimangira miyala m'mbali kuti chisagumuke. Anthu a midzi ina atachiona anayamba kuwaitana, mpaka ku Sinda, ndipo aphunzitsi a ku mishoni anawapempha kuti awakumbire china pasukulu. Ankawathokoza ndi nkhuku kapena dengu la chimanga. Asanakumbe ankayendayenda tsiku lonse akuyang'ana udzu ndi zulu, osalankhula ndi munthu.

Chifuwa chinawayamba akukumba chitsime chachisanu ndi chinayi. Anati ndi fumbi la ku Halale, ndipo anzawo ambiri linawatenga chimodzimodzi. Anadwala miyezi ya dzinja yonse, akuwonda pang'onopang'ono, n'kumwalira mtedza ukukumbidwa. Abale awo anabwera kudzatenga mtembo kukauika kwawo, monga mwa mwambo. Chitsime chimene anasiya pakati eni ake anachimaliza okha, koma chinatuluka madzi amchere, ndipo ankangomwetsako mbuzi.