Mipata Imene Ndinasiya M'nyimbo za Chinkhoswe

Zinayamba Lachiwiri la sabata yoyamba ya Seputembala, chaka chatha, nthawi ili 4 koloko madzulo. Ndinali pakhonde kwathu ku Nsaru, ndikumata chubu cha njinga, pamene anafika bambo ake a mnyamata amene ankafuna kukwatira mwana wanga wamkazi woyamba. Tinali titayamba kale kuitanana kuti asewele. Iwo ndi akatekisiti kwawo ku Nambuma, munthu wamtali, wosaseka wamba. Kunali kutatsala milungu itatu kuti chinkhoswe chichitike.

Tinacheza za nazale ya fodya ndi za kutentha. Atatsala pang'ono kutsanzika ndi pamene anatula chimene anabwerera. Anati mwezi wapitawo anali ku chinkhoswe china ku Kabudula, ndipo nyimbo zimene zinkatuluka m'masipika zinali zotukwana mwakuti ananyamuka chakudya chisanabwere, abale awo onse n'kuwatsatira. Anati sakufuna kudzachita zomwezo pakhomo panga. Sanakweze mawu, koma ndinamva. Akadzamva zotukwana adzanyamuka, ndipo mwana wanga adzatsala pamphasa alendo akuchimuna atachoka.

"Asewele, pakhomo pano sipadzamveka liwu loipa ngakhale limodzi," ndinatero.

Ndivomere kuti ntchitoyi ndinakondwa nayo. Kwathu kuno bambo alibe chochita pa chinkhoswe cha mwana wake wamkazi. Zonse amayendetsa ndi atsibweni ake a mwanayo, alamu anga. Iwo ndiye amalankhula, iwo ndiye amalandira tambala n'kupereka thadzi. Bambo amangovala jekete n'kukhala pampando ngati mlendo. Tsopano nanenso ndinali ndi udindo.

Poyamba ndinaganiza zophweka, kuti tidzaike nyimbo za kwaya zokhazokha. Mwana wanga anandifunsa mwaulemu ngati ndikukonza chinkhoswe kapena misa ya maliro. Mayi ake anamuikira kumbuyo. Anandilembera nyimbo khumi ndi ziwiri zimene anthu akuvina masiku ano, n'kunena kuti popanda zimenezi palibe amene adzadzuke pampando. Ndinati chabwino, koma ndiyamba ndazichapa.

Pamsika pathu pali bambo wina wobena nyimbo, wamsinkhu wangawu. Amaikira anthu nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi, ndipo kashopu kake kali pakati pa ometa tsitsi ndi a chiwaya cha tchipisi. Anandiuza kuti nyimbo zina zimatuluka ziwiriziwiri, ina ya pa wailesi yochotsedwa kale zoipa, ina ya m'mabala. Pa nyimbo zangazo, zisanu anazipeza za pa wailesi. Zisanu ndi ziwiri zotsalazo tinayenera kuzikonza tokha pa kompyuta yake.

Anandiveka mahedifoni. Masiku atatu, masana okhaokha, ndinakhala pa benchi lake. Vuto loyamba linali lakuti sindinkamva kanthu. Oimba a masiku ano amatafuna mawu, ng'oma n'kuwaphimba pamwamba. Tinkabwereza mzere umodzi kasanu, mwina kakhumi, mpaka liwulo lituluke poyera. Vuto lachiwiri linali lakuti mawu ena ndinkawamva koma osawadziwa tanthauzo. Ndinkafunsa, iye n'kumandimasulira, ndipo chifukwa cha mahedifoni aja ndinkafunsa mokuwa osadziwa. Ometa tsitsi anafika pozimitsa makina awo kuti azimva bwino. Tsiku lachiwiri amayi awiri a mphakati wathu wa kutchalitchi, podutsa ndi madengu a tomato, anandipeza ndikugwedeza mutu. Ndinkangotsatira ng'oma kuti ndisaphonye malo, koma sindinawafotokozere.

Ndine mlembi wa mphakati wathu, ndipo buku lokhalo limene linali m'chikwama mwanga linali la maminitsi. Kumasamba akumapeto ndinajambula mizere ndi rula: nambala ya nyimbo, mphindi yake, ndi liwu lenilenilo. Ndinalemba ndi dzanja langa labwino lija limene aphunzitsi ankaliyamikira ku sekondale. Anakwana mawu makumi awiri ndi atatu.

Pofika podula, wobena nyimbo uja anandipatsa njira zitatu. Akanatha kuika kaphokoso kolira kaja kamene timamva pa wailesi, kapena kuchotsa ndime yonse, kapena kuchotsa liwu lokhalo n'kusiya chete. Kaphokoso ndinakakana chifukwa kamaloza chala pamene pali choipa. Kuchotsa ndime yonse ndinakananso, ndinati mbatata ikaola mbali imodzi umadula poolapo, sutaya yonse. Ndinasankha chete.

"Bambo, nyimbozi anthu akuno amazidziwa," anatero. "Mukukumba maenje pabwalo lovinira."

Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kudula. Anadula.

Kunyumba ndinamvetsera zonse ndekha kuchipinda. Zinali zoyera. Nyimbo inkathamanga, n'kuima kaye ngati munthu akumeza malovu, n'kupitiriza. Ndinadziyamikira mumtima.

Loweruka la chinkhoswe mwambo unayamba bwino. Alamu anga analankhula zawo, tambala analandiridwa, thadzi anaperekedwa. Anatulutsa atsikana awiri ofunditsidwa zitenje, akuchimuna n'kuwakana, wachitatu ndiye anali mwana wanga. Ine ndinali nditapereka kale fulashi kwa woimbitsa nyimbo, ndi manja awiri, n'kumuuza kuti asaike china chilichonse. Asewele anakhala pafupi nane pansi pa tenti.

Nyimbo zitatu zoyamba zinali za pa wailesi zija. Itayamba yachinayi bwalo linadzaza, fumbi koboo. Ndinkadziwa kuti mpata woyamba uli pa mphindi imodzi ndi masekondi khumi, poti ndinali nditaloweza. Nthawi itakwana, masipika anati zii. Ndipo m'chete mmenemo bwalo lonse linaimba liwu lija, pamodzi, momveka bwino, ngati ameni wa pa Pasaka.

Liwu limene ine ndinalibwereza kakhumi kuti ndilimve, tsopano analimva ndi anthu opita kuchigayo. Pa mpata wachiwiri anakweza mawu. Pofika wachitatu anali atazindikira kuti awakonzera masewera, ndipo ankaudikira manja ali m'mwamba. Otsogolera sanali achinyamata ayi. Anali amayi ovala zitenje zofanana, a kwaya ndi a mphakati, mayi a kunyumba kwanga ali pakati. Chakumbuyo kwawo, akuvina pang'onopang'ono, milomo ikuyenda pa nthawi yake yeniyeni, panali akazi awo a akatekisiti.

Ndinafuna kudzuka kuti ndikazimitse, koma kuzimitsa kukanakhala kulengeza kuti ntchitoyi ndi yanga. Mwana wanga anali atasiya kumwetulira, maso ali kwa apongozi ake aamuna. Ine ndinayang'ana nsapato zawo, kudikira kuti zisunthe.

Zinasuntha. Asewele anaimirira n'kukonza jekete. Abale awo ena anayamba kutola zikwama. Asewelewo anayang'ana bwalo nthawi yaitali, ndipo ndinaona pamene maso awo anaima. Kuti achoke ndi anthu awo onse, anayenera kulowa m'fumbi muja kukatulutsa akazi awo, anthu onse akuona. Anakhalanso pansi.

"Asewele," anatero osandiyang'ana, "nyimbo iyi ndaimva m'minibasi chaka chonse. Sindinkadziwa kuti imanena zimenezi. Lero ndiye mwandiphunzitsa."

Ndinawauza kuti mawu onse ndinachotsa, ndipo umboni wolemba ndili nawo.

"Mwachotsadi. Masipika anu sanatukwane. Atukwana ndi akhristu athu."

Kenako anafunsa kuti mipata yotereyi yatsala ingati. Ndinawauza kuti makumi awiri. Anapempha madzi akumwa.

Anakhala mpaka pamapeto. Mipata yonse makumi awiri inadzazidwa, osaphonya ndi umodzi womwe, ndipo pa uliwonse asewele ankayang'ana denga la tenti ngati akufufuza pamene padzadonthe mvula. Chakudya chitabwera anadya. Mwana wanga anayambanso kumwetulira, ndipo anavina ndi apongozi ake aakazi. Potsanzikana, dzuwa litapendeka, asewele anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti za nyimbo za pa ukwati ndisadzivutitse, adzaona okha.

Alendo atachoka ndinapeza mayi a kunyumba akutsuka mapoto kuseri. Ndinawafunsa kumene anawadziwira mawu aja. Anati kuchigayo, kumjigo, m'minibasi, konse kumene ine ndimadutsa makutu ali m'thumba. Anawonjeza kuti zimene amayi amaimba kuchinamwali n'zoposa pamenepo, ndipo ndisafunse. Sindinafunse.

M'mawa mwake linali Lamulungu, ndipo misa ikatha tinali ndi msonkhano wa mphakati. Wapampando wathu amakonda kutsegulatsegula buku la maminitsi ine ndisanayambe kuwerenga. Ndinadzuka kusanatenthe, ndinatenga lezala ndi rula, n'kudula mosamala masamba awiri akumapeto aja. Ndinawaponya pamoto pamene madzi osamba ankatenthera, ndipo ndinadikira mpaka apse onse. Kudulako kunamasula masamba awiri akutsogolo, a maminitsi a mwezi wa Januwale, ndiye ndinawamata ndi guluu yemwe uja womatira chubu.

Kenako ndinavala jekete n'kukwera njinga kupita ku misa yoyamba. Ndikutsetsereka chakudambo ndinadzipeza ndikuimba mluzu nyimbo yachinayi ija. Pofika pa mpata ndinasiya kaye mluzu, monga ndinakonzera. Liwu lija linamveka ndithu m'mutu mwanga, ndi mawu a mayi a kunyumba. Ndinapalasa mpaka kutchalitchi.