Pakati pa Makwerero

Pamalo pomwe ankamanga nyumba yosanjikizana, aliyense ankawatchula kuti a Mlongoti, chifukwa anali aatali, oonda, osakonda zoyankhulayankhula. Ntchito yawo inali yoyendetsa kireni. M'mawa uliwonse ankakwera makwerero achitsulo mpaka kukachipinda kagalasi kumwamba, n'kumanyamula zitsulo ndi simenti pamwamba pa mitu ya anzawo mpaka dzuwa kupendeka.

Osakaniza konkire ankati bamboyu anabadwa wopanda mantha. Bodza lamkunkhuniza! Mantha anali nawo, ochuluka kuposa a onsewo, kungoti anali ndi njira yowagonekera. Anaiphunzira kalekale kwa namwino wina, pamene anagonekedwa m'chipatala mtima ukuthamanga popanda chifukwa. Asanakwere ankalowa m'kontena yosinthiramo zovala, kukhala pachitini cha penti, kutseka maso, n'kumangotsatira mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Anzawo ankaseka kuti akuluwa akuba tulo pa nthawi ya kampani. Podzuka pachitinipo mawondo ankakhala ali nganganga, ndipo makwerero ankangokhala makwerero basi.

Zinayenda choncho mpaka imvi zinamera. Kenaka, popanda ngozi, popanda maloto oipa, njira ija inangoleka kugwira. Akatseka maso, m'malo mwa bata ankaona phazi lawo likuterereka. Ankaona chingwe chikuduka, mtolo wa zitsulo ukutsikira pa anthu owerama pa ntchito. Mpweya umene ankautsatira uja unayamba kuthera pakhosi.

Apa m'pamene analakwitsa, kulakwitsa kwa munthu amene wakalamba ndi makina: chinthu chikakana, onjezera mphamvu. Anayamba kulawirira kuti akhalitse pachitini. Ankafinya maso mpaka mutu kuwawa. Akaweruka, kufika kunyumba n'kukhalanso pampando wa kukhitchini, kumakoka mpweya ngati pali wina akuwalanda.

"Abambo, kodi mukupuma kapena mukukankha galimoto?" akazi awo anafunsa tsiku lina akupukuta mbale.

"Tandisiyani, mayi."

"Ndikusiyani, koma malayawo anyowa ndi thukuta. Kawauzeni a kapitawo."

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti ndikuopa makwerero? Mawa lomwelo akandipatsa fosholo."

Nkhani yake inagona pamenepo. Munthu wamantha sampatsa kireni, ndipo a Mlongoti ntchito ina sankaidziwa, sankaifunanso. Choncho ankangokwera, mtima uli m'mwamba, pakamwa pali tsekee.

Tsiku lina kunacha ndi kamphepo. Anakhala pachitini mpaka matako kuchita dzanzi, osaphula kanthu, nayamba kukwera. Atadutsa theka la makwerero, manja anakana. Zala zinagwira chitsulo n'kuumira pomwepo. Anachita chokhacho chimene ankadziwa, kutseka maso, ndipo zinaipiraipira. Mumdimamo kireni yonse inkakhala ngati ikupendekeka nawo. Thukuta linadzaza m'magolovesi. Kufa ankakuopa, inde, koma chimene chinawaopsa zedi chinali kamawu kena mumtima kakuti: ingotayani, zithe.

Wailesi yam'manja imene anakoleka pachifuwa inakhosomola. Anali mayi amene ankaima pansi n'kumawalondolera ponyamula katundu, munthu amene mawu ake ankawamva tsiku lonse koma nkhope ankaiona mwa apo ndi apo.

"Achimwene, mwaimiranji pamenepo?"

Kuchotsa dzanja pachitsulo sakanatha. Ankadziwanso kuti chilichonse chonenedwa pawailesiyo chimamvekanso m'thumba la a kapitawo. Anaganiza zonama, koma bodza linasowa. Anadina batani ndi chibwano.

"Achemwali, ndauma. Ndikuopa."

Pansi paja chosakanizira konkire chinazimitsidwa.

"Maso ndi otseka?" mayi uja anafunsa.

"Eya. Ndikuyesa kupuma."

"Kupumako kusiyeni, thupi lidziwa lokha. Tsegulani maso. Pansi ayi! Patsogolo panupo mukuona chiyani?"

"Bawuti."

"Basi, yang'anani pamenepo. Utoto ulipo?"

"Wachoka mbali imodzi. Pali dzimbiri."

"Zimenezo tikawauza a penti, ndi aulesi amenewo. Tsopano inu ndinu katundu wanga, ndipo ine sindinagwetsepo katundu. Tikupita kuti, kumwamba kapena pansi? Nenani ndinu."

A Mlongoti anakweza maso pang'ono. Kachipinda kagalasi kanali pafupi ndithu, pafupi kuposa pansi. Akanatha kufika, kukhala pampando wawo, n'kudzanena kuti chinali chizungulire chabe. Kenaka anayang'ana zala zawo mmene zinkanjenjemerera, zala zomwezo zimene zikanagwira chowongolera, anthu ali pansi pa mtolo wa zitsulo.

"Pansi, achemwali. Ndi manja awawa sindinganyamule chitsulo pamwamba pa ana a eni."

"Chabwino. Phazi lamanzere, tsitsani. Pang'onopang'ono. Imani. Dzanja lamanja. Bweraninso."

Anatsika choncho, mawu amodzi, chitsulo chimodzi, maso ali pa dzimbiri ndi timing'alu ta utoto timene anadutsa moyo wawo wonse osationa. Mantha sanachoke ayi. Anatsika nawo limodzi, koma manja ankamvera mayi uja.

Phazi litagunda dothi, anangokhala pansi pa fumbi la simenti. Palibe anaseka. A kapitawo anali chiimire pomwepo, wailesi ili m'manja, akuyang'ana kumbali. Ndipo pamenepo, osaufuna, osautsatira, mpweya unalowa wokha mpaka m'mimba, wozizira, wokoma, ngati kale. Anaulandira misozi ili m'maso. Kumbuyo kwawo makwerero anayamba kulira, nsapato za munthu wina zikukwera kukayendetsa kireni ija.