Ulusi Umene Unadutsa Malire

Juzi ya amalume inali yofiira, yolukidwa ndi ulusi wonenepa, ndipo mkono wake wamanzere unali waufupi kuposa wamanja. Amene ndinaufupikitsa ndine, eniake atandilola.

Tinkakhala ku komboni ya Kasanda mu Kabwe, ine, amayi ndi amalumewo, m'nyumba imene mgodi unapatsa amalume chifukwa cha ntchito. Bambo anali atamwalira. Inali nyengo yozizira, pamene mphepo inkanyamula fumbi la pa phiri lakuda la mgodi n'kulithira m'maso, m'mano, ngakhale m'ndiwo. M'kamwa munkamveka ngati wanyambita msomali. Sukulu ndinaiyamba mawu atakula kale, chifukwa zaka zimene anzanga ankaphunzira ine ndinkagulitsa makala. Mawondo anga sankakwana pansi pa desiki. Mwana wotero amalakalaka chinthu chimodzi: tsiku lina aphunzitsi amutchule kalasi osaseka.

Chaka chimenecho ku holo ya m'komboni kunabwera chionetsero cha mbiri ya dziko la Amereka. Ankati zinthuzo zachokera ku nyumba yosungiramo zakale ya kwawoko, ndipo zikuyenda tauni ndi tauni. Anabwera nazo mayi wina wachizungu wokonda kuseka. Munali zithunzi za sitima zapamadzi zodzaza anthu osenza mitolo, ndi za khamu la anthu akuda akuguba atagwirana manja. Munalinso kachipinda kotchinga ndi nsalu, kovoteramo. Tinkalowa mmodzimmodzi kusankha pakati pa mpira ndi kwaya, ife ana a dziko limene pa chisankho munthu ankangofunsidwa inde kapena ayi.

Womasulira anali aphunzitsi athu. "Dziko lija analimanga ndi anthu obwera," ankatero akuloza sitima zija. "Kuchokera kutali si manyazi." Ndinawakhulupirira monga mmene umakhulupirira munthu amene wakuphunzitsa kulemba dzina lako.

Pakhoma lakumapeto anapachika mapu aakulu a kuno kwathu. Mwana aliyense anauzidwa kubweretsa ulusi, akhome phini imodzi pa Kabwe, ina kumene makolo ake anachokera, kuti tsiku lotseka chionetsero alendo adzaone kuti nafenso ndife anthu a maulendo.

Ife kwathu kunali kuwiri. Kutchalitchi ndi ku ofesi ya mgodi tinali a ku Katete, mbali ino ya malire, ndipo amayi anandiloweza zimenezo ndisanadziwe kumanga kabudula. M'nyumba, chitseko chili chotseka, amalume ankakamba za ku Dedza, ku Malawi, za nkhungu ndi mbatata ya kachewere. Masiku amenewo ntchito za pa mgodi ankalanda kwa obwera n'kupatsa eni dziko, ndipo nyumba inkapita pamodzi ndi ntchito.

Amalume ndinangowauza kuti kusukulu akufuna ulusi wautali. Anaseka, n'kudula mfundo ya kumkono ndi mano. "Koka, mphwanga, ukakhoze mayeso." Ndinakoka mpaka chigongono chinatsala pang'ono kuoneka.

Tsiku loyeserera ndinakhoma phini yanga pa Katete, ulusi wotsala ukulendewera. Mzungu uja anayang'ana mapu n'kufunsa ngati m'tauni ya mgodi yonseyi mulibe ndi mmodzi yemwe wochokera dziko lina. Aphunzitsi anaoneka ngati munthu amene alendo apeza ndiwo zake zilibe mchere. Anandikokera pambali. "Iwe mkulu, amalume ako ndimawadziwa. Pano si pa ofesi, ndi maphunziro chabe. Nena zoona, ndipo wodzalankhula pamaso pa alendo ukhala iwe."

Ankawadziwadi. Iwowo anafika mu Kabwe ndi sutikesi yamalata, n'kugona pa mphasa yathu mpaka anapeza ntchito, ndipo ankakumbutsana ndi amalume mayina a mitsinje ya ku Dedza. Ulusi wawo unalipo pamapupo, wabuluu, utathera bwinobwino pa Katete. Ndayesa kuwapezera chifukwa mpaka tsitsi layera mbuu, sindinachipeze. Munthu wowerenga nyuzipepala ankadziwa amene adzakhale pa mpando wakutsogolo.

Tsiku lotseka, amene anakhalapo ndi atcheyamani a chipani, poti misonkhano yawo ankachitira m'holo yomweyo. Phini yanga ndinali nditaisamutsira pa Dedza. Ndinaimirira, ndinanena m'Chizungu mawu amene aphunzitsi anandiloweza, chala chikutsata ulusi wofiira mpaka kutsidya kwa malire. Anthu anawomba m'manja. Palibe anaseka. Mzungu uja anandipatsa pensulo ya labala kumutu. Kenako atcheyamani anayandikira mapu, anaukhudza ulusiwo ngati akuyesa kulimba kwake, n'kundifunsa mokoma, "Mwaice, mwana iwe, ukhala nyumba iti?" Ndinawauza, mokweza.

Zithunzi zinalongedzedwa, mayi uja anapita tauni ina, koma mapu anawasiya pakhoma kuti ndi mphatso kwa anthu a Kasanda. Kusanatenthe, amalume anaitanidwa ku ofesi n'kuchotsedwa ntchito. Anakwera basi ya ku Lusaka atavala juzi yomwe ija, dzanja lamanzere lili pamphepo, osandinenera mawu oipa ngakhale amodzi. Sindinawaonenso. Ine ndi amayi tinakachita lendi kachipinda ku komboni ya Natuseko. Aphunzitsi anadzakwezedwa kukhala ahedi, ndipo pa Sabata ankatipatsa moni pakhomo la tchalitchi ndi manja awiri, amayi n'kuyankha atagwada pang'ono.

Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi masana a tsiku lotseka lija. Ndinathamanga ulendo wonse, pensulo ili m'mwamba, ndipo ndinapeza amayi akupeta mpunga pakhonde, amalume akumanga tcheni cha njinga. Ndinawafotokozera zonse mpweya ukundithera. Lichero linaima.

"Wina ndani amene ulusi wake unawoloka?" amayi anafunsa.

"Palibe! Wanga wokha!"

Ndinawauzanso chimene chinandiseketsa: ulusi wa anzanga ambiri, ana a anthu amene ankabwera kudzafunsa amalume nkhani za kumudzi, unathera malo amodzi, mphepete mwenimweni mwa malire, maphini atathinana ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Amalume anapukuta manja pang'onopang'ono, akuyang'ana mkono wa juzi yawo. Ine ndinkawamvera chisoni anzangawo. Ndinkaganiza kuti ulusi unawaperewera.